Tsiku Lowerenga Manambala ku Mzuzu

Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzulo. Unayamba ndi minda ya tung cha m'ma 1947, n'kudzatchedwa mzinda mu 1985. Koma mtima wokonda sukulu anthu anachita kubwera nawo kuchokera kumidzi, kumene sukulu za mishoni ya Livingstonia zinali zitazika mizu, makamaka Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894.

Pamene ndinkaphunzitsa pulayimale mumzindawu, muyezo wa mwana unali umodzi: manambala. Tsiku lotsekera sukulu ana ankakhala pansi pabwalo, ena atakwinya manja ndi chisanu cha mu Julaye. Mphunzitsi ankayamba ndi nambala wani, m'manja n'kuombedwa, mwana n'kuima patsogolo. Akafika pa olephera ankangopinda pepala. Otsala pansiwo ankatola timiyala, maso ali pansi, ndipo ena teremu yotsatira sankakwezanso mkono m'kalasi ngakhale yankho akulidziwa.

Komabe kudzikhulupirira kunalipo, kungoti pepala lathu linalibe pokulemba. Malo a ku sekondale, monga Mzuzu Government ndi Marymount, anali ochepa, choncho ana ankabwereza Sitandade 8 kawiri, katatu, mpaka asankhidwe. Mwana wobwerera pa desiki lomwelo, anzake atapita, anali wotsimikiza kuti khama lidzamulipira.

Chitsimikizo chimenechi chinagwedezeka mu 1987, boma litayamba kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma limene munthu akuchokera. Njira imeneyi, yotchedwa kota, inaleka, inabwereranso m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, n'kudzathetsedwa mu 2020. M'zaka zimenezo ndinkamva ana anzeru akufunsa kuti, "Ndiye tivutikirenji?" Mzuzu University itatsegulidwa mu 1999, ana anayamba kuona yunivesite ndi maso ali pa minibasi ya ku Luwinga, ndipo ambiri mtima unabwerera.

Albert Bandura, katswiri wa ku Stanford, analemba mu 1977 kuti munthu amalimbikira chimene akukhulupirira kuti angachithe, ndipo chikhulupiriro chimenecho chimakula kwambiri akapambanapo yekha. Lero ofufuza amachiyeza pofunsa mwana mafunso onena za mmene amadzionera pa phunziro lililonse.

Aphunzitsi anzanga, mayeso asathe ayi. Koma mwana amene wachoka pa 20 kufika pa 45 pa masamu, dzina lake limveke pabwalo. Ameneyo akufunika umboni woti khama lake laoneka kuposa mmene nambala wani akuufunira.