Mliri wa Covid-19 ndi Anthu a Pamsika

Covid-19, nthenda yofalikira ngati chimfine, inatsimikizika m'Malaŵi pa 2 Epulo 2020 pamene anthu atatu anapezeka nayo mumzinda wa Lilongwe. Pofuna kuchepetsa kuthithikana m'maofesi, boma linalamula antchito ake kuti azisinthana masiku. Pamakomo a mabanki ndi masitolo panaikidwa zidebe za madzi ndi sopo.

Komatu anthu ambiri a ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona analibe ofesi. Malo awo a ntchito anali msika, shedi ya ukalipentala kapena minibasi. Mayi wogulitsa tomato sakadatha kutalikirana ndi wogula, ndipo akadati aswere pakhomo, madzulo ake mphika sukadakhala pamoto. N'chifukwa chake boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, amalonda m'mizinda ingapo anachita zionetsero. Pa 17 Epulo khoti lalikulu ku Lilongwe linaimitsa m'bindikirowo, bungwe la HRDC litadandaula kuti boma silinakonze chimene osauka akadadya. Misika inapitirira kutsegulidwa.

Mu Januwale 2021 odwala anachuluka kwambiri, kotero kuti bwalo la maseŵero la Bingu linasandutsidwa chipatala.