Aluminiyamu ya ku Maputo, malasha a ku Tete

Nkhondo ya pacibale ku Mozambique itatha mu 1992, dziko linali bwinja. Njanji zinali zothyoka, ndipo nthambo za malaiti zocokera ku damu ya Cahora Bassa zinali pansi. Boma linafuna cinthu cacikulu coonetsa makampani akunja kuti mtendere wabwera. Cinthuco cinali Mozal, fakitale ya aluminiyamu pafupi ndi Maputo, imene inayamba nchito mu 2000.

Tamverani mmene inali kuyendera. Ufa woyera wopangira aluminiyamu, wocedwa alumina, unali kubwera pa sitima ya pamadzi kucokera ku Australia. Malaiti ousungunulira anali kudzera ku Eskom ya ku South Africa, imene imaotcha malasha a m'migodi. Pomwe malaiti a Cahora Bassa, ocokera m'madzi a Zambezi amene amadutsa kwathu kuno, ambiri anali kugulitsidwa ku South Africa komweko. Aluminiyamu ikapangidwa, ulendo wa ku Europe. Pa mapepala zinthu zinali kuwala: zaka zina fakitale imodziyi inali kubweretsa kuposa theka la ndalama za katundu wogulitsa kunja. Koma olembedwa nchito anali ongopitirira pang'ono 1,000, ndipo msonkho waukulu unali 1 peresenti cabe ya zogulitsa. Kwa ine uku kunali kubwereketsa bwalo, osati kumanga cuma.

Kenako anabwera malasha. Cuma ca dziko lonse citayamba kudzuka pambuyo pa mavuto a 2008, China ndi India anafuna malasha ambiri osungunulira zitsulo, mitengo n'kukwera. Maso onse analoza ku Tete, kuseri kwa malire athu a ku Katete. Mu 2011 Vale ya ku Brazil inayamba kukumba ku Moatize, ndipo Rio Tinto inalipira madola pafupifupi 3.7 biliyoni kugula migodi yapafupi. Mabanja anasamutsidwira ku Cateme, ndipo mu January 2012 anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka.

Mitengo inagwa msanga. Boma linakananso kuti malasha aziyenda pa mabwato mu Zambezi. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodi ija pa madola 50 miliyoni. Vale inalimbikira, inamanga njanji yodutsa m'Malawi kukafika ku Nacala, koma mu December 2021 nayonso inagwirizana zogulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni.