Barroco, dzina lachipongwe limene linasanduka dzina la luso

Anzanga a m'kalabu, ife amene tinadutsa m'sukulu za Chipwitikizi mawu oti barroco tinawamvapo. Poyamba ankanena ngale yobadwa yopindika, yosabulungira bwino. Ndikufuna ndikambeko mmene akatswiri a mbiri ya luso anasinthira maganizo pa luso limene linapatsidwa dzinali.

Lusoli linakula ku Roma m'zaka za m'ma 1600. Msonkhano wa ku Trento (1545 mpaka 1563) utatha, Mpingo wa Katolika unkafuna matchalitchi ndi zosema zogwira mtima wa munthu wamba. Bernini anasema miyala ngati nsalu youluzika ndi mphepo. Borromini anamanga tchalitchi cha San Carlo alle Quattro Fontane, makoma ake olowa ndi kutuluka ngati mafunde. Koma eni akewo sankadzitcha a barroco ayi. Dzinali anawapatsa ndi anthu a m'mbuyo mwawo, ndipo linali lonyoza.

Winckelmann, m'buku lake la 1764, anaika luso la Agiriki, lodekha ndi losachulutsa zokometsera, ngati muyeso wa zonse. Pa muyeso umenewo Bernini sakanapambana. Milizia mu 1797 anachita kutchula Borromini ngati chitsanzo cha zinthu zachilendo zoseketsa. Jacob Burckhardt wa ku Basel, mu 1855, anati barroco imayankhula chinenero cha Renaissance chomwecho, koma chosokonekera. Kunena kotere ife tikukudziwa bwino, eti? Ndi mmene anthu amanenera kayankhulidwe ka kumudzi kwa anzawo.

Amene anatembenuza nkhani ndi wophunzira wa Burckhardt yemweyo, Heinrich Wölfflin. Mu 1888, ali ndi zaka 24 zokha, analemba Renaissance und Barock. M'malo mofunsa ngati nyumbazi n'zokongola kapena ayi, anafunsa kuti zikusiyana pati ndi zakale, nanga chifukwa chake n'chiyani. Anaona kuti mmisiri wa Renaissance amaonetsa malire a chinthu chilichonse, pamene wa barroco amafuna kulemera, kuyenda, kuwala ndi mthunzi. Pophunzitsa ankaonetsa zithunzi ziwiri pakhoma nthawi imodzi, china uku china uku, kuti ophunzira adzionere okha. Mu 1915 anaika kusiyanaku m'magulu 5 a mawu otsutsana. Ku Vienna nakonso Alois Riegl ankaphunzitsa za barroco ya ku Roma mopanda chipongwe, ndipo maphunziro akewo anasindikizidwa mu 1908, iye atamwalira kale.

Komatu ine pa Wölfflin ndili ndi kadandaulo. Maso ake anali pa maonekedwe basi, ngati kuti mizere imasintha yokha. Za apapa amene ankalipira amisiri, ndi za mkangano wa Akatolika ndi Apulotesitanti, sanazikhalire pansi kwenikweni. Mbali imeneyi anadzaitenga Werner Weisbach mu 1921, pamene analemba buku lonena kuti barroco linali luso la Mpingo wa Katolika poyankha Apulotesitanti.