Makina Ogwira Nchito Pambali pa Munthu, ndi Kuwerengera Phindu Lace

Inu awerengi a ku Ncheu, ambiri a inu mukumbukira, kapena munamva kwa makolo anu, za masiku aja amuna a kuno anali kubwera kucokera ku Halale ndi ku Joni, wina ndi njinga, wina ndi makina osokera m'bokosi. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona, ana nakhudza citsuloco mwamantha. Koma pakati pa cimwemweco sipanasowe mkulu mmodzi, kawirikawiri malume, wofunsa funso losakondweretsa, nati, Kodi cinthu cimeneci cidzabweza liti ndalama zimene cadya? Funso lomwelo alikufunsa lero eni mafakitale a m'maiko akutali za makina ena atsopano, ndipo mbiri ya makinawo iri ndi phunziro kwa ife.

Makinawo dzina lao ndi maroboti. Sindinena nyali zija za m'miseu ya m'tauni ai, koma mkono wacitsulo woyenda ndi magetsi, umene unyamula, kumanga ndi kulumikiza zitsulo monga momwe auphunzitsira. Dzinali linachuka ndi sewero limene Karel Čapek wa ku Czechoslovakia analemba m'caka ca 1920. M'cinenero ca kwao robota ndiyo nchito yokakamiza imene alimi osauka anagwirira mwini dziko, yonga thangata uja anasautsa abale athu m'minda ya Azungu ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Magomero. Cotero m'dzina momwemo muli cilakolako cakale ca olemba nchito, cakupeza wanchito wosatopa ndi wosafunsa malipiro.

M'caka ca 1961 kampani ya magalimoto ya General Motors inaimika roboti yoyamba, yochedwa Unimate, m'fakitale yace ku New Jersey, m'dziko la America. Nchito yace inali yocotsa zitsulo zamoto m'cikombole, nchito imene inali kutentha manja a anthu. Mphamvu inali nazo, koma maso inalibe. M'caka ca 1979, m'fakitale ya Ford ku Flat Rock, wanchito wina dzina lace Robert Williams anakanthidwa pamutu ndi mkono wa roboti, namwalira. Cifukwa ca zoopsa zotere maroboti anawamangira mipanda, monga ticitira ndi nkhunzi yolusa. Ndipo popeza mtengo wa roboti, wa mpanda ndi wa akatswiri oiphunzitsa unali waukuru, okhoza kubweza ndalama zao anali makampani akuru okha, opanga cinthu cimodzimodzi zikwi zambiri, usana ndi usiku.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1996, pamene aphunzitsi awiri a sukulu yaikuru ya Northwestern ku America, J. Edward Colgate ndi Michael Peshkin, anakonza makina oti munthu awagwire ndi manja ndi kugwira nao nchito popanda mpanda, nawacha cobot, ndiko kunena roboti yogwirizana ndi munthu. M'caka ca 2005 amuna atatu a ku Odense, m'dziko la Denmark, anayamba kampani ya Universal Robots, ndipo mu 2008 anagulitsa mkono wao woyamba, wochedwa UR5, wonyamula katundu wa makilogalamu 5. Mkono wotere ngwopepuka. Wanchito wamba auphunzitsa pougwira ndi kuuyendetsa m'njira imene afuna. Ndipo ukagunda munthu uima. Zikunga ng'ombe ndi mlimi pa pulawo: wina apereka mphamvu zosatopa, wina apereka maso ndi nzeru.

Tsono mwini fakitale awerengera bwanji asanagule? Coyamba aonkhetsa mtengo wonse. Mkonowo augulitsa wopanda dzanja. Zala zogwirira, tebulo loikapo, mmisiri wodzaumanga, masiku ophunzitsa anchito, ndi kuyesa ngati suvulaza munthu, zonsezi ziri ndi mtengo wace. Caciwiri awerenga cimene makinawo adzampatsa pa mwezi: katundu woonjezeka amene adzagulitsadi, katundu amene sadzaonongekanso, ndi malipiro a nchito imene makina atenga, pamenepo acotsa ndalama za magetsi ndi zokonzera. Cacitatu agawa mtengo wonse uja ndi phindu la mwezi umodzi, napeza miyezi imene adzadikira. Tiyerekeze kuti zonse zadya ndalama 1,200, ndipo phindu la mwezi ndi 100: miyezi yodikira ndi 12. Koma makinawo akagona theka la masiku, miyezi ija isanduka 24, ndipo ngongole siigona nao.

Ogulitsa UR5 anali kulengeza kuti makasitomala ao abweza ndalama m'masiku 195, pakati ndi pakati. Kwa ena zinaterodi, makamaka kumene malipiro a munthu ali okwera ndi makina ayenda usana ndi usiku. Ndipo mu 2015 kampani ya Teradyne inagula Universal Robots ndi madola 285 miliyoni. Koma si onse anadya zokoma. Mu 2012 kampani ya Rethink Robotics ya ku Boston inaturutsa cobot yochedwa Baxter, ya manja awiri ndi nkhope yonga ya munthu, pa mtengo wocepa wa madola 22,000. Anthu anaitamanda kwambiri. Koma pa nchito inapezeka yocedwa ndi yosalunjika bwino, ogula nacepa, ndipo mu 2018 kampaniyo inatsekedwa. Akuru anati, cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kucepa kwa mtengo sindiko phindu.

Musayese kuti kuphonya masamu otere ncacilendo kwa ife, pakuti dziko lathu linakuona kale, ngakhale sikunali kwa makina. M'caka ca 1892 Joseph Booth anafika ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, nayamba Zambezi Industrial Mission, imene inatsegulanso malo kuno kwathu ku Ntonda, ku Ciole ndi ku Dombole. Iye anawerengera kuti minda ya khofi idzadyetsa mishoni popanda kupempha ndalama kunja, ndi kuti phindu la malo amodzi lidzatsegula malo ena, enawo natsegulanso ena. Pa pepala masamuwo anali okongola. Koma anawerengera ngati mtengo wa khofi udzakhala comweco caka ndi caka, ndi ngati mitengo siidzadwala. Citapita caka ca 1900, khofi wa ku Brazil anadzaza misika ya dziko lapansi, mtengo nugwa. Cilala ndi tizirombo zinakantha minda, ndipo ulimi wa khofi m'Nyasaland unazirala. Masukulu ndi mipingo inatsala, koma khofi sanailipire monga kunayembekezeka. Colakwa sicinali m'kuonkhetsa kapena m'kugawa, koma m'kuwerenga zaka zabwino zokha.

Nanga cobot ikadza m'Malawi, masamu ace adzakhala otani? Pali zinthu zitatu zimene wogulitsa wa ku Ulaya saziwerenga. Coyamba, malipiro a wanchito kuno ali ocepa poyerekeza ndi a ku Denmark, cotero cimene cibweza ndalama m'miyezi kumeneko cingathe zaka zambiri kuno. Caciwiri, magetsi: m'Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kufikira 2023 zigayo zambiri zinali kukhala cete maola ambiri pa tsiku, amai nabwerera ndi cimanga cao pamutu. Cacitatu, ndalama: m'Novembala 2023 kwaca inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo kacitsulo kali konse kocokera kunja kanakwera mtengo. Cifukwa cace makina otere adzapindula kuno poyamba pa nchito zimene munthu sayenera kuzigwira, zamoto, zafumbi ndi zoopsa, kapena zofuna kufanana ndithu, osati polanda nchito ya munthu wolandira pang'ono.

Kapena wina adzati, Ife alimi a mbatata ku Tsangano ndi atelala a pa khonde ku Lizulu tiri nao ciani maroboti? Muli nao ici: tsiku limene gulu lanu la amai, kapena banki ya m'mudzi, kapena mwana wanu wobwera ku Joni, adzati tigule cigayo, pampu yothirira kapena makina osokera a magetsi, masamu ace ndi omwewa. Funsani mtengo wonse, pamodzi ndi nyumba, mawaya ndi wokonza. Werengani masiku amene makinawo adzagona, a dzinja anthu alibe cimanga ndi a mdima magetsi atazima. Funsani amene adzagula zoonjezekazo, ndi kumene kacitsulo kakathyoka mudzakapeza. Pamenepo werenganinso kaciwiri ndi caka coipa. Ndipo ngati masamu aimabe, gulani ndi mtima wokhazikika. Malume uja sanali mdani wa zatsopano ai. Iye anafuna kuti makina atumikire mudzi, mudzi ungagwire thangata wa makina.