Kulira kwa m'makutu: chithandizo cha pafoni ndi cha uphungu

Kulira kwa m'makutu, komwe madokotala amakutcha tinnitus, ndi vuto loti munthu amamva phokoso pomwe palibe chimene chikulira. Ena amamva ngati nyenje za m'chilimwe, ena mluzu, ena mkokomo wa mtsinje wodzaza. Masana phokosoli limabisala m'mapokoso ena, koma usiku kukati zii ndi pamene limadzuka n'kumusowetsa munthu tulo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 m'magazini ya JAMA Neurology anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 14 ali ndi vutoli, ndipo awiri limawazunza kwambiri.

Gwero lake

Kulira kwa m'makutu ndi chizindikiro cha vuto lina. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati nkhono, momwe muli timaselo tokhala ndi ubweya tomwe timatumiza mawu ku ubongo. Timaseloti tikaonongeka sitimeranso. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti ubongo ukasowa mawu omwe unazolowera, umachita ngati munthu wokweza wailesi yomwe siikugwira bwino, ndipo chomwe chimamveka ndi kusokosa chabe.

Zoononga timaseloti zazikulu ndi ukalamba ndi phokoso lamphamvu. Malamulo a ntchito m'maiko ambiri amafuna kuti wogwira ntchito maola 8 pamalo pomwe phokoso lafika ma decibel 85 azitetezedwa makutu. Mankhwala ena nawo amachititsa kulira m'makutu. Amene anamwapo kwinini podwala malungo akudziwa zimenezi, ngakhale kulira kwa kwinini kumatha mankhwalawo akatha m'thupi. Jakisoni wa kanamycin, yemwe ankabaya odwala TB yosamva mankhwala, ankaononga makutu mpaka kalekale, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti asiyidwe. Phula lodzaza m'khutu ndi mafinya zimayambitsanso vutoli, ndipo izi zokha n'zosavuta kuchiza.

Nkhani ya phokoso lamphamvu imaukhudza kwambiri mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe. Mzindawu unakula ndi njanji, yomwe inafika mu 1897, ndi mafakitale a ku Belmont ndi Donnington, komanso migodi ya golide yapafupi monga How Mine. Matchona ochokera ku Nyasaland ndi kum'mawa kwa Zambia anathera unyamata wawo pakati pa nyundo ndi makina a kumeneko, ndipo ana ndi zidzukulu zawo akadalipo m'makomboni monga Makokoba ndi Sizinda. Mkulu wopuma pantchito zotere akamadandaula kuti m'makutu mukulira, tisamafulumire kunena kuti ndi ukalamba basi.

Uphungu

Kulira komwe kwakhalitsa kulibe mankhwala akumwa otsimikizika. Malangizo a madokotala a makutu a ku America a mu 2014 amakaniza kupereka ginkgo biloba kapena zinc pa vutoli. Chomwe chili ndi umboni wokwanira ndi uphungu wotchedwa CBT, womwe maziko ake anayalidwa ndi Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960.

CBT siiletsa phokosolo, imachepetsa ululu wake. Munthu akaganiza kuti "ndikupenga" kapena "ndigontha", ubongo umalitenga phokosolo ngati mdani, n'kumalitchera khutu usana ndi usiku. Mlangizi amamuthandiza kuunika maganizo oterewa, kumasula thupi, kukonza kagonedwe ndi kubwerera ku zinthu zomwe anazisiya chifukwa cha mantha. Pang'onopang'ono ubongo umalinyalanyaza, monga momwe wokhala pafupi ndi njanji amasiyira kumva sitima ikamadutsa. Mu 2020 bungwe la Cochrane linasanthula kafukufuku 28 wokhudza anthu 2,733, ndipo linapeza kuti CBT imachepetsa mavuto omwe phokosoli limadzetsa pa moyo wa munthu.

Mapulogalamu a pafoni

Alipo a mitundu iwiri, ndipo kuisiyanitsa n'kofunika. Ena amangoliza mvula, mafunde kapena mphepo kuti aphimbe kulirako. Amathandiza ena kupeza tulo, koma umboni woti amathandiza kwa nthawi yaitali ndi wochepa, ndipo kawailesi kotsitsa mawu kangachite zomwezo. Ena amaphunzitsa CBT yeniyeni sabata ndi sabata. Pulogalamu ya Kalmeda inavomerezedwa ku Germany mu 2020 kuti dokotala azilembera wodwala ngati momwe amalembera mankhwala.

Ku England, Eldré Beukes ndi anzake anayesa anthu 92 ndi kufalitsa zotsatira mu 2018. Amene anaphunzira CBT pa intaneti kwa masabata 8 anapindula mosachepera amene ankaonana ndi katswiri pamaso. Koma pali mfundo imene otsatsa mapulogalamu sakonda kuitchula: anthuwo sanali okha, katswiri wa makutu ankawatsatira ndi kuwayankha mafunso. Munthu akasiyidwa yekha ndi foni, n'kosavuta kulekera panjira. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE a mu 2020 amati wodwala ayambe ndi CBT ya pa intaneti yoyang'aniridwa ndi katswiri, zikakanika apite ku uphungu wa pagulu, kenako wa payekha.

Zoyenera kuyamba

Foni siingasuzumire m'khutu. Wodwala ayambe wapimidwa, ndipo ku Bulawayo zipatala zazikulu zotumizako odwala ndi Mpilo Central Hospital ndi United Bulawayo Hospitals. Kulira kwa khutu limodzi, kogunda mofanana ndi mtima, kapena kobwera ndi chizungulire, kugontha kwadzidzidzi kapena kupotoka nkhope kumafuna dokotala msanga. Chimodzimodzi ngati munthu wayamba kuganiza zodzipha. Kwa amene sakumva bwino, makina othandiza kumva nthawi zambiri amachepetsanso kulirako.

Akatswiri ndi ochepa. Lipoti la WHO la mu 2021 linati mwa maiko 100 alionse osauka, 93 alibe ngakhale katswiri mmodzi woyeza makutu pa anthu miliyoni imodzi. Apa foni ikanathandiza kwambiri, koma imafuna bandulo ndi magetsi, ndipo mapulogalamu odziwika amalankhula Chingerezi kapena Chijeremani, pomwe agogo a ku Sizinda amafotokoza nkhawa zawo m'Chindebele, m'Chishona kapena m'Chichewa. Dziko la Zimbabwe lili kale ndi chitsanzo choyenera kuchiganizira. Friendship Bench, yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006, inaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti uphunguwo umachepetsa matenda a nkhawa. Ntchito yawo si ya makutu, koma kusowa tulo ndi kuganiza mopitirira, komwe m'Chishona amati kufungisisa, ndi mavuto omwewo amene amatopetsa munthu wolira m'makutu.