Ndalama za family trust kwa munthu wolephera kubweza ngongole ku Ontario

Ku Toronto, monga m'dziko lonse la Canada, nkhani za wolephera kubweza ngongole zimayendera lamulo la Bankruptcy and Insolvency Act. Ndime 68 imati ndalama zonse zomwe munthuyo walandira asanamasulidwe ku ngongolezo ziwerengedwe, kaya zachokera kuti, kupatula mphatso, cholowa ndi zobwera mwamwayi. Izizi sizikhala zake ayi, zimalowa m'chuma chogawira okongoza.

Chuma cha family trust, chomwe chimasungidwira a m'banja, chimavuta pamene wosunga chumacho ali ndi ufulu wopereka kapena kumana. Ndalama isanatuluke, okongoza alibe pogwira. Ikangofika m'manja mwa wangongoleyo, ayenera kuiulula kwa Licensed Insolvency Trustee, woyendetsa nkhani ya ngongolezo, yemwe amaona ngati ndi malipiro a nthawi ndi nthawi kapena mphatso. Ndalama zonse zowerengedwazo zikapitirira ndi madola 200 pamwezi malire omwe Office of the Superintendent of Bankruptcy imaika, theka la zotsalazo limapita kwa okongoza, ndipo woyamba kugwa m'vutoli amamasulidwa patatha miyezi 21 m'malo mwa 9.

Mabanja ambiri amaona ngati akuthandiza mbale wawo, osadziwa kuti thandizolo lingamutalikitsire nthawi. Pakabuka mkangano pa ndalama zoyenera kupita kwa okongoza amayamba ndi mkhalapakati, zikakanika amapita ku Superior Court of Justice.