Mbiri ya Nyenyezi ya Alpha Centauri ndi Mayina Ake

Munthu akayang'ana kumwera madzulo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, amaona nyenyezi ziwiri zowala m'kati mwa Mlalang'amba, zoloza ku nyenyezi zinayi zimene zidakhala ngati mtanda. Yowala koposa mwa ziwirizo ndiyo Alpha Centauri, dzina limene Johann Bayer adalemba pa mapu ake a nyenyezi mu 1603. Nthawi imeneyo dzinalo linkaimira chinthu chimodzi popeza maso ankaona chimodzi.

Mu 1689 wansembe wa ku France, Jean Richaud, ali ku Pondicherry m'dziko la India, ankalondola nyenyezi yamchira ndi telesikopu. Apo m'pamene adaona kuti Alpha Centauri ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana. Pambuyo pake yaikulu idatchedwa A, yaing'ono B. Akatswiri atazilondola kwa mibadwo ingapo, adapeza kuti zimazungulirana kamodzi pa zaka pafupifupi 80, ndipo njira yake ndi yonga dzira. Tikatenga mtunda wochokera pa dziko lapansi kufika ku Dzuwa ngati muyeso umodzi, zikayandikana pakati pake pamakhala miyeso 11, zikatalikirana 36. Zidayandikana mu 1955 ndipo zidzatero kachiwiri mu 2035.

Koma manambala amenewa sakadadziwika popanda kudziwa kutalika kwa nyenyezizo kuchokera kuno. Ntchito iyi adaiyamba ndi Thomas Henderson wa ku Scotland, amene adagwira ntchito ku Cape of Good Hope mu 1832 ndi 1833. Nzeru yake ndi yapafupi kuimvetsa. Mukaimika chala patsogolo pa nkhope n'kumatsinzina diso ili kenaka linalo, chalacho chimaoneka ngati chikusuntha. Chimodzimodzi nyenyezi yapafupi imaoneka yosuntha pang'ono pamene dziko lapita mbali ina ya Dzuwa. Henderson adakayika miyeso yake, ndipo adaisindikiza mochedwa mu 1839, Friedrich Bessel wa ku Germany atalengeza kale mtunda wa nyenyezi ina, 61 Cygni, mu 1838. Lero tikudziwa kuti kuwala kwa A ndi B kumayenda zaka zinayi ndi miyezi inayi kuti kutifike, ndi kuti A imaposa Dzuwa pang'ono pa kulemera, pamene B imachepa pang'ono.

Yachitatu idapezeka ku Johannesburg mu 1915. Robert Innes wa ku Union Observatory, poyerekeza zithunzi za thambo zojambulidwa zaka zosiyana, adaona kanyenyezi kosaoneka ndi maso kakuyendera limodzi ndi ziwirizo. Iye adakatcha Proxima, mawu a Chilatini otanthauza "yapafupi koposa", umboni wokwanira usadapezeke. Miyeso ya Harold Alden ya mu 1928 ndiyo idatsimikiza kuti dzinalo silidaname: palibe nyenyezi ina yodziwika yoyandikira Dzuwa kuposa imeneyi. Proxima ndi yofiira, ndipo kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a kulemera kwa Dzuwa.

Funso lidatsala linali lakuti kodi Proxima ndi ya banja lomweli, kapena ndi mlendo wongodutsa? Ili kutali ndi zinzake miyeso pafupifupi 13,000, ndipo pa mtunda wotere mphamvu yokoka imakhala yofooka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Padapita zaka zoposa 100, mpaka mu 2017 pamene Pierre Kervella ndi anzake adaonetsa kuti liwiro lake ndi lochepa moti singathawe mphamvuyo. Imazungulira A ndi B kamodzi pa zaka zoposa 500,000.

Zonsezi zidafuna kuti mayina alongosoledwe. Mu 2016 bungwe la International Astronomical Union lidavomereza dzina la Proxima Centauri, ndipo dzina lakale lochokera ku Chiarabu, Rigil Kentaurus, lidapatsidwa kwa A yokha. B idalandira dzina la Toliman mu 2018. Motero Alpha Centauri, limene mu 1603 linali dzina la nyenyezi, tsopano ndi dzina la banja la nyenyezi zitatu.

Olemba mabuku ndi aphunzitsi asamale pa mfundo imeneyi. Kulemba kuti "Alpha Centauri ndi nyenyezi yoyandikira Dzuwa koposa" n'kusocheretsa ophunzira, chifukwa ulemu umenewu ndi wa Proxima, imene sangaione ngakhale atayang'ana kumwera usiku wonse.